Tigalimoto tachitsulo: madala ndi achinyamata tikukangana pachabe

Abale anga, mkangano wa madala ndi achinyamata pa nkhani ya tigalimoto tachitsulo ine wandikwana. Madala akuti ana a masiku ano sadziwa galimoto, angotengeka ndi Skyline ndi Supra zimene sanazikhudzepo n'komwe. Achinyamata nawo akuti madala akusunga zinyalala, tigalimoto tosupuka penti tonunkha chinyezi. Komatu onsewa akuchita chinthu chimodzi. Munthu amagula kagalimoto kofanana ndi galimoto imene inamudolola mtima ali mwana, nthawi imene m'thumba munalibe ngakhale kakobiri. Wina galimotoyo anaiona ikubudula fumbi pa msewu wa ku Ulongwe, wina anaiona pa foni.

Tiyambe ndi madala, poti ndiwo anayamba kuona dzuwa. Munthu wobadwa m'ma 1950 kapena 1960 kuno ku Angónia anakula akuona Land Rover ya ku mishoni, Peugeot 404 ya mwini kantini, ndi Bedford yonyamula chimanga. Ena anaona malole akukwera phiri la Songo pamene ankamanga damu la Cahora Bassa, ntchito imene inayamba mu 1969 n'kutha mu 1974. Tigalimoto ta nthawi imeneyo tinkatsanzira magalimoto omwewo. Dinky Toys inayamba mu 1934 pa fakitale ya Meccano ku Liverpool. Matchbox inabwera mu 1953 kuchokera ku kampani ya Lesney ku London, Corgi mu 1956 ku Swansea. A ku France anali ndi Norev ndi Solido, kenaka Majorette mu 1961. Ngakhale Apwitikizi anali ndi yawo, Metosul, ya ku Espinho. Koma tinene zoona: mwana wa mlimi tigalimototi ankangotiona m'manja mwa ana a atsamunda. Ndiye mdala akachipeza lero ka Land Rover ka Corgi, ngakhale kalibe galasi, sakugula chitsulo chokha ayi. Akulipira ngongole imene ubwana wake unasiya.

Makampani amenewa ambiri anagwa kalekale. Fakitale ya Dinky inatsekedwa mu 1979, Lesney inagwa mu 1982. Chimodzi mwa zimene zinawagwedeza ndi Hot Wheels, imene kampani ya ku America ya Mattel inatulutsa mu 1968. Tigalimoto take tinali ndi mawaya opyapyala ogwira matayala, moti ukakakankha kamathamanga mpaka kuseri kwa mpando, pamene ka Matchbox kankaima pafupi pomwepa. Ana anasankha liwiro. Matchbox inayesa kuyankha ndi tigalimoto taliwiro totchedwa Superfast mu 1969, koma dzina lake linapitirira kusintha manja mpaka mu 1997 pamene linagwera kwa Mattel yemweyo. Ndiye inu amene mumakangana kuti Matchbox ndi Hot Wheels yabwino ndi iti, dziwani kuti ndalama zanu zikulowa m'thumba limodzi.

M'badwo wathu, ife a zaka za m'ma 40, ndi wa nkhondo. Ambiri tinakulira ku Dedza ndi ku Ntcheu ngati othawa kwawo, ndipo sitolo ya zoseweretsa sitinkaidziwa. Galimoto yathu inali ya mawaya, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno, matayala a zitini za polishi kapena zitsekerero za mabotolo. Zimene tinkatsanzira ndi zimene zinkadutsa: malole a mdipiti ochoka ku Nyamapanda kupita ku Zobwe moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, malole a ufa ndi nandolo za chithandizo, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, magalimoto oyera a ONUMOZ, gulu la United Nations losungitsa mtendere, olembedwa zilembo ziwiri zakuda pachitseko. Mufunse aliyense wa msinkhu wanga amene amasonkhanitsa tigalimoto kuti pa shelefu yake pachuluka chiyani. Land Cruiser, Hilux, Land Rover Defender, malole a Mercedes ndi Scania. Ferrari timaiyamikira chapatali, koma mtima suli kumeneko.

Tsono achinyamata. Apa ndipomwe madala amalakwitsa poganiza kuti anawa angopenga okha. Msika wa tigalimoto sutsatira Tete, umatsatira munthu wa zaka 30 kapena 40 wa ku America, ku Japan, ku Malaysia kapena ku Ulaya amene tsopano ali pantchito ndipo ali ndi ndalama yapadera. Munthu ameneyo anakula akusewera Gran Turismo, imene inatuluka pa PlayStation mu 1997, ndi kuonera mafilimu a mipikisano ya usiku. Galimoto za maloto ake ndi Nissan Skyline GT-R R34 yopangidwa kuyambira 1999 mpaka 2002, Toyota Supra ya 1993 mpaka 2002, Mazda RX-7, Honda Civic, Corolla AE86. Ku America kuli lamulo loti galimoto imene sinapangidwire msika wawo ingalowe momasuka ikakwanitsa zaka 25, ndiye GT-R R34 yoyamba inangololedwa mu 2024. Zaka zonse zodikirazo, kagalimoto ndi kamene kankatonthoza mtima. Mattel inaona zimenezi. Okonza mapulani ake monga Jun Imai ndi Ryu Asada (Asadayo anamwalira mu 2021) anakokera Hot Wheels ku magalimoto a ku Japan, pamene poyamba inali yodzaza ndi Camaro ndi Mustang. Kenaka kunabadwa mayina atsopano, Mini GT, Tarmac Works, Inno64, onse a kum'mawa kwa Asia, opanga tigalimoto ta matayala a rabala ndi nyali zooneka ngati zenizeni. Izi si za ana, ndi za abambo a ndevu. Mnyamata wa ku Moatize akatsegula TikTok akupeza mafunde amenewa atafika kale, iye n'kungokweramo.

Kukula kwa tigalimoto nako kwasintha. Kale ulemu unali pa 1:18, kutanthauza zochepa ka 18 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, zazikulu za Bburago ndi Maisto zotseguka zitseko ndi boneti, zimene munthu ankaika pamwamba pa wailesi yakanema. Madala a ku Ulaya amakonda 1:43. Lero msika ukuthamangira ku 1:64, kagalimoto kotalika ngati chala. Chifukwa chake n'chosavuta: anthu akukhala m'nyumba zazing'ono za lendi, ndipo kutumiza katundu kumalipidwa potengera kulemera. Kwa ife kuno zikugwirizana ndithu. Ka 1:64 m'bale woyendetsa lole akhoza kukaponya m'thumba la jekete kuchoka ku Johannesburg, pamene cha 1:18 chimafuna katoni yakeyake ndi mapemphero kuti magalasi a m'mbali afike amoyo.

Pomwe ndikutsutsana ndi achinyamata ndi apa, ndipo sindibisa. Kwabwera mzimu woti kagalimoto ndi banki. Munthu akugula, osatsegula, n'kukabisa pansi pa bedi kudikira kuti mtengo ukwere. Mzimu umenewu Mattel inaudyetsa dala. Mu 1995 inayamba kuika m'makatoni tigalimoto tosowa totchedwa Treasure Hunt, ndipo mu 2007 inawonjezera Super Treasure Hunt, ta penti yonyezimira ndi matayala a rabala. Ku America anthu amadikira pakhomo pa sitolo m'mamawa kuti apeze kamodzi pa mtengo wa pafupifupi dola imodzi, n'kukagulitsa mowirikiza kambirimbiri. Aliyense wamvanso za kombi ya pinki ya 1969, Beach Bomb, imene amati mtengo wake umapitirira madola 100,000. Koma ija inali yoyeserera chabe, sinafike m'sitolo, n'chifukwa chake ndi yosowa. Ka Skyline kako anakapanga mu unyinji ku Malaysia, ndipo anzako padziko lonse akukasunganso m'pulasitiki chimodzimodzi. Ife a ku Angónia tikudziwa zimene zimachitika mbatatesi ikagula bwino chaka chino: chaka chamawa aliyense amalima, matumba n'kumaolera pa msewu.

Ndipo funso lalikulu n'lakuti ugulitsa kwa yani? Wa ku America amaika pa eBay, msika wa pa intaneti, ogula n'kumalimbirana. Iwe uli ku Tete, ogula ako ndi anzako omwe mumadziwana nkhope, amene adzakupempha kuti alipire mwapang'onopang'ono pa M-Pesa kapena e-Mola. Kuti utumize kunja, ndalama ya mtengatenga yadya kale phindu. Kuwonjezera apo kutentha kwa kuno. Wa ku Tsangano mwina angasunge, koma mu mzinda wa Tete mwezi wa Okutobala, m'nyumba ya malata, khadi limene amamatapo kagalimoto pokagulitsa limapindika, pulasitiki imachita chikasu, guluu amasiya. Osonkhanitsa a kunja khadi likangopindika pangodya amatsitsa mtengo.

Madala nawonso asanyade kwambiri. Mtengo wa Dinky ndi Corgi umagwiridwa ndi anthu amene anaseweretsa tigalimototo ali ana, ndipo anthu amenewo akukalamba. Ana awo akalandira mabokosi a malemu amangogulitsa, pamene ogula atsopano akuyang'ana kwina. Tosowa kwenikweni tokhala ndi bokosi lake loyambirira tipitiriza kugula bwino, koma twamba ayi. Palinso ta Dinky topangidwa mwatsopano ku China ndi kampani ya Atlas, tokongola ndithu, koma si takale. Zimene zikuchitikira Dinky lero zidzachitikiranso Skyline, anyamata a lero akadzayamba kuyenda ndi ndodo.

Kwa amene mukuyamba kumene, malo abwino ndi pa kalamidade, pamene amatsegula mabelo a zoseweretsa. Tembenuzani kagalimoto muwerenge pansi. Mukaona Lesney ndi Made in England, mwagwira chinthu cha zaka zoposa 40. Macau ikutanthauza Matchbox ya m'ma 1980. Chaka cholembedwa pansipo kawirikawiri ndi chaka chimene anapanga chikombole, osati chimene kagalimoto kanu kanatuluka m'fakitale, ndiye musanamizidwe ndi wogulitsa wokuonetsani 1968. Kopanda dzina lililonse pansi, kopepuka m'manja, mugulireni mwana akasewere.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti kampani imene ikujambula misewu yathu bwino kuposa onse ndi imene sitiitchula kawirikawiri, Tomica, imene inayamba ku Japan mu 1970. Iwo amapangira ana a kwawo magalimoto a tsiku ndi tsiku: Hiace, Coaster, Sienta, malole a Isuzu ndi Hino. Ife timayenda kumanzere ngati iwo, ndipo magalimoto awo akatha ntchito amatsikira pa doko n'kubwera kuno. Ndiye zimene mwana wa ku Osaka ankaseweretsa dzana ndi zimene zikuwoloka mlatho wa Samora Machel lero. Achinyamata inu mukuti mumakonda za ku Japan, ndiye bwanji Hiace mukuinyoza? Imakufikitsani ku sukulu ndi kuntchito tsiku lililonse, R34 yanuyo sinakunyamulenipo.

Komabe ngakhale Tomica imapanga Hiace yoyera bwino ngati ya kuchipatala. Chapa yeniyeni, yokhala ndi matumba a makala pamwamba, chitseko chomangidwa ndi chingwe, kobrador atatulutsa mutu pawindo, simuipeza m'katoni ya kampani iliyonse. Amene akuipanga ndi ana a mawaya. Iwo sadikira kuti America ikonde kaye. Malasha atayamba kutuluka mu mgodi wa Vale ku Moatize mu 2011, ine ndinaona ana akuyamba kupinda malole otayira dothi ndi zofukulira, ndipo njinga zamoto za kabaza zitachuluka anayambanso kupanga zimenezo. Ndalama imene mnyamata akutumiza kunja pa Mini GT imodzi ingagule zingapo za mawaya, wopangayo n'kupezapo ya makope. Pa shelefu yanga za mawaya zimakhala mzere wa pamwamba, ndipo alendo amayamba kufunsa za izo.

Ndikufuna Hiace ya Tomica yosupuka, ngakhale yopanda khadi, kuti ndiipente ndiisandutse chapa ya ku Zobwe. Amene ali nayo andiuze, tisinthane ndi Supra imene ndinapatsidwa, ikadali m'pulasitiki mwake.