Taiwan ndi China: mbumba imodzi, makomo awiri

Mwana wasukulu ku Taipei akamalemba chilembo chotanthauza kamba, amajambula timizere 16. Mnzake wa ku Beijing amajambula 7 basi, n'kupitirira. Onse akuphunzira Chimandarini, koma dzanja limayenda mosiyana. Ku China, boma la Mao Zedong linayamba kufupikitsa zilembo mu 1956 kuti alimi ndi ana awo adziwe msanga kuwerenga, ndipo pamenepa ine sindiwadzudzula, chifukwa umbuli ndi matenda oopsa. Taiwan inakana, inasunga zilembo za makolo monga zinalili.

Chondikhudza mtima n'chakuti chilumba chaching'onocho ndicho chinasamala zambiri zimene kumtunda, ku China, zinawonongeka. Pamene Chiang Kai-shek, mtsogoleri wa chipani cha Kuomintang chimene chinkalamulira China, ankathawira ku Taiwan mu 1949 atagonja pankhondo yolimbana ndi Mao, anali atatsogoza kale mabokosi a chuma cha mafumu akale: mbiya, zosemasema, mipukutu. Zili ku National Palace Museum mu Taipei mpaka lero. Kuyambira 1966, achinyamata a Mao anali kalikiliki kugumula akachisi ndi kutentha mabuku akale, pomwe ku Taiwan lubani ankafukabe.

Taonani za Mazu, mulungu wamkazi woteteza asodzi panyanja. Chaka chilichonse ku Taiwan chifanizo chake chimanyamulidwa pa machila kuchoka ku Dajia kupita ku Xingang ndi kubwerera, ulendo wa masiku 9, makilomita oposa 300 wapansi. Anthu amagwada mumsewu, mphumi pansi, kuti machilawo awadutse pamwamba alandire dalitso. Eni nyumba za m'mbali mwa njira amatulutsa chakudya ndi madzi n'kumagawira oyenda, osalipiritsa kanthu. Komatu Mazuyo kwawo ndi ku Meizhou, kachilumba ka m'chigawo cha Fujian ku China, chigawo chimene makolo a anthu ambiri a ku Taiwan anachokera.

Ndiye n'chifukwa chiyani ambiri pachilumba cha Taiwan, makamaka achinyamata, amati "ndine wa ku Taiwan" osati wa ku China? Chifukwa anadutsa m'minga yawoyawo. Japan inawalamulira kuyambira 1895 mpaka 1945. Asilikali a chipani cha Kuomintang atafika, anapha anthu zikwizikwi pa chipolowe chimene chinabuka pa 28 February 1947, ndipo ulamuliro wankhanza wa asilikali unakhalapo mpaka 1987. Mwana akayankhula Chihokkien cha amayi ake kusukulu ankalipitsidwa chindapusa kapena kukolekedwa chikwangwani m'khosi. Kenako anthu analimbana okha mpaka mu 1996 anadzisankhira mtsogoleri, Lee Teng-hui, pa voti. Kumtunda chipani chidakali chimodzi. Tisaiwalenso mitundu 16 ya eni nthaka, monga Aamis ndi Apaiwan, amene makolo awo analipo kale pachilumbachi Atchaina asanafike n'komwe.

Ife Achewa nkhani yotereyi siyenera kutizunguza mutu. Pa Kulamba timasonkhana ku Mkaika kwa Gawa Undi, a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, gule ndi mmodzi, koma pobwerera aliyense amatulutsa chiphaso cha dziko lake pachipata. Ubale wa magazi ulipo, boma ndi nkhani ina. Beijing sivomera zimenezo. Imati Taiwan ndi chigawo chake, ndipo dziko lofuna ubale liyenera kusankha mbali. Malawi inasankha China kumapeto kwa 2007, patatha zaka zoposa 40 ili ndi Taiwan, imene inatimangira chipatala chachikulu cha Mzuzu. Mu Africa muno Taiwan yatsala ndi Eswatini yokha.

Okhulupirira a ku Taiwan amawolokabe nyanja kukapereka ulemu kwawo kwa Mazu ku Meizhou. Pachipata pasipoti yawo sigwira ntchito. Amaonetsa chitupa chapadera chochokera ku Beijing, kenako n'kukwera phiri kukayatsa lubani.