Pa kulanga ndi wamkulu, pa kutetezedwa ndi mwana: malamulo awa akuteteza ndani?

Ndinene kaye poyera kuti pasakhale wondimva mokhota. Munthu wamkulu amene wagona ndi mwana wagwiririra, basi, ndipo malo ake ndi kundende. Zoti "mtsikanayo anavomera yekha" kapena "amaoneka wamkulu" ine sindizimva. Chimene chikundiwawa mumtima n'chakuti malamulo amene timauzidwa kuti ndi oteteza ana, m'mayiko ambiri, amalanga mwankhanza mwana wa munthu wamba koma amafewa akafika pakhomo pa amene anawalemba. Ndipo mukawayala pamodzi malamulowa mupeza kuti sagwirizana n'komwe kuti mwana ndi ndani.

Pangano la United Nations lokhudza ufulu wa ana, la mu 1989, limati mwana ndi aliyense amene sanakwane zaka 18. Pafupifupi mayiko onse anasayina. Koma taonani zimene zili m'mabuku awo. Ku England mwana wa zaka 10 akhoza kumangidwa n'kuimbidwa mlandu kukhoti. Wa zaka 16 amaloledwa kuvomera zogonana, ndipo makolo akasayina akhoza kulowa usilikali, koma yemweyo sangagule mowa m'sitolo mpaka atakwana 18. Ku America wa zaka 18 amaponya voti ndi kupita kunkhondo, mowa amadikira mpaka 21. Ku Japan msinkhu wovomera kugonana pa lamulo la dziko lonse unali zaka 13 mpaka 2023 pamene anaukweza kufika 16. Ku Philippines unali 12 mpaka 2022.

Sindikunena kuti chilichonse chikhale ndi msinkhu umodzi ayi. Kuyendetsa galimoto, kumwa mowa ndi kusankha mtsogoleri ndi zinthu zosiyana, ndipo munthu sakhwima pa zonse tsiku limodzi. Chimene ndikukana ndi mbali imene kusiyanaku kumapendekera. Ikakhala nkhani yolanga, lamulo limathamangira kunena kuti mwanayu amadziwa zimene amachita. Ikakhala nkhani yomuteteza kwa munthu wamkulu, makamaka wandalama kapena waudindo, aphungu omwewo amayamba chidodo: tifunse kaye maganizo a anthu, tidikire kaye nthawi yabwino.

Pamene chiphamasochi chimaonekera kwambiri ndi pa ukwati. Ku California msinkhu wovomera kugonana ndi zaka 18, koma lamulo lomwelo limapatula mkazi kapena mwamuna wa munthu, ndipo ukwati kumeneko ulibe msinkhu woyambira bola makolo ndi khoti avomere. Ku Tanzania lamulo la maukwati la 1971 linalola mtsikana kukwatiwa ali ndi zaka 15 makolo akavomera, kapena 14 khoti likavomera, pamene mnyamata ankayenera kukwana 18. Rebeca Gyumi, womenyera ufulu wa atsikana, anatengera nkhaniyi kukhoti n'kupambana mu 2016. Boma, m'malo mokondwa kuti ana apulumuka, linachita apilo, ndipo linagonjanso mu 2019. Ku Malawi lamulo la maukwati la 2015 linati zaka 18, koma malamulo aakulu a dziko anapitiriza kulola ukwati kuyambira zaka 15 ndi chilolezo cha makolo mpaka atasinthidwa mu 2017. Tanthauzo la zonsezi ndi limodzi. Mchitidwe umene dzulo ukanapititsa bambo kundende, lero wasanduka wololedwa chifukwa pasayinidwa chikalata. Thupi la mtsikanayo silinasinthe, nzeru zake sizinakule usiku umodzi, changosintha n'chakuti akuluakulu agwirizana.

Tsopano tibwere ku kaundula wa anthu opalamula milandu yogwiririra, amene mayiko ambiri akumutengera kwa America. Chiyambi chake ndi chomvetsa chisoni. Mu 1994 ku New Jersey, mtsikana wa zaka 7 anagwiriridwa n'kuphedwa ndi bambo wokhala naye moyandikana, amene anali atamangidwapo kale pa milandu yokhudza ana. Makolo ake anati akanadziwa mbiri ya bamboyo, mwana wawo akanakhala moyo. Pamenepo ndi pamene panachokera lamulo lotchedwa Megan's Law, limene mu 1996 linakhala la dziko lonse, lolamula kuti anthu azidziwitsidwa za opalamula otere. Kholo lililonse likumva ululu umenewu, ndipo ine sindingatsutse kuti munthu wotere azilondedwa.

Koma kaundulayo anakula n'kuyamba kumeza anthu amene sanali m'maganizo a makolo aja. Lamulo lina la ku America la 2006, lodziwika ndi dzina la Adam Walsh, linati ngakhale ana a zaka 14 alembedwe akapezeka olakwa pa milandu ina ikuluikulu, ndipo bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti mu 2013 losonyeza momwe ana olembedwa m'kaundula amakulira. Taganizani zimene zimachitika dzina likalowa. Chithunzi chako, dzina ndi adiresi ya nyumba zili pa intaneti, aliyense akhoza kuziona. M'madera ambiri suloledwa kukhala pafupi ndi sukulu kapena bwalo losewerera ana. Wolemba ntchito akangofufuza dzina lako, nkhani yathera pomwepo. Ukasamuka osanena kupolisi, ndi mlandu wina watsopano. Kwa munthu amene anagwiririra mwana wa zaka 7, zimenezi n'zomuyenera. Nanga kwa mnyamata amene anali pachibwenzi ndi mnzake wa kusukulu?

Ku Georgia, komweko ku America, kunali mnyamata wa zaka 17 amene anachita zogonana ndi mtsikana wa zaka 15 paphwando, ndipo mtsikanayo sananene kuti anakakamizidwa. Mu 2005 anagamulidwa zaka 10 m'ndende, chifukwa lamulo silinapatse woweruza mpata wochepetsa. Anamuuza kuti avomere mlandu kuti chilango chichepe, iye anakana, chifukwa kuvomera kukanamulowetsa m'kaundula ndipo sakanaloledwanso kukhala nyumba imodzi ndi mlongo wake wamng'ono. Mu 2006 aphungu a ku Georgia anaona kuti lamulolo linali lopyola muyeso n'kulisintha, koma anakana kuti kusinthako kukhudze amene anali kale m'ndende. Mnyamatayo anatuluka mu 2007, khoti lalikulu la kumeneko litagamula kuti chilangocho chinali chankhanza. Sindikuti ana awiriwa anachita bwino. Ankafunika makolo, uphungu ndi chidzudzulo. Zaka 10 ndi dzina la wogwiririra moyo wonse sizinateteze aliyense.

Tsono m'chaka chomwecho cha 2006, ali m'ndende mnyamatayo, ku Washington kunkachitika zotani? Mark Foley, phungu wa ku Florida, anali mmodzi wa atsogoleri a gulu la aphungu loona za ana osowa ndi ozunzidwa, ndipo anali patsogolo polimbikitsa lamulo la Adam Walsh. Pulezidenti George W. Bush anasayina lamulolo mu July. Pofika kumapeto kwa September, Foley anatula pansi udindo, zitaululika kuti ankatumiza mauthenga olaula kwa anyamata achichepere amene anatumikirapo m'Nyumba ya Malamulo. Sanaimbidwe mlandu uliwonse.

Sipikala wa Nyumbayo panthawiyo anali Dennis Hastert, munthu amene anakhala pampandowo kuyambira 1999 mpaka 2007. Mu 2015 zinadziwika kuti ankatapa ndalama kubanki pang'onopang'ono, zosafika madola 10,000 ulendo uliwonse kuti banki isanene kuboma, n'kumakapereka kwa munthu wina amene anagwirizana naye kuti amupatse madola 3.5 miliyoni atseke pakamwa. Chimene ankabisa n'chakuti ali mphunzitsi wa masewero olimbana pasukulu ya sekondale ku Illinois ankachita zachisembwere ndi anyamata amene ankawaphunzitsa. Mu April 2016 analowa m'khoti ali pa njinga ya olumala, mmodzi wa anyamata aja, tsopano bambo wamkulu, anaima n'kufotokoza akulira zimene zinamuchitikira, ndipo Hastert anavomera. Chilango chake chinali miyezi 15. Mlandu umene anamangidwira unali wophwanya malamulo a banki, chifukwa nthawi yoimba mlandu wa anawo inali itadutsa kalekale. Abale anga, taikani pambali: zaka 10 kwa mnyamata wa zaka 17, miyezi 15 kwa sipikala. Tinasungitsa mbuzi kwa fisi, fisiyo n'kumatilembera malamulo a khola.

Wina anganene kuti izi ndi za chipani chimodzi kapena dziko limodzi. Ayi. Ku Britain, apolisi anafufuza Cyril Smith wa ku Rochdale cha m'ma 1969 pa nkhani zozunza anyamata, mlandu sunapite kukhoti, iye n'kukhala phungu kuyambira 1972 mpaka 1992, n'kupatsidwa ulemu wa Sir mu 1988. Anamwalira mu 2010, ndipo mu 2012 ndi pamene ofesi yoimba milandu inavomera kuti amayenera kuzengedwa. Kafukufuku wa 2020 anapeza kuti mtsogoleri wa chipani chake, David Steel, anamva nkhaniyi mu 1979 ndipo sanachitepo kanthu. Za Jeffrey Epstein, mpondamatiki wa ku America amene mu 2008 anagamulidwa miyezi 18 pa mlandu wokopa mtsikana wosakwana zaka 18 kuti achite uhule n'kumaloledwa kutuluka masana kupita ku ofesi yake, ambiri mukuzidziwa.

N'chifukwa chiyani andale amakonda kaundula ndi zilango zikuluzikulu, koma amathawa zinthu zina? Chifukwa n'zotsika mtengo ndipo zimabweretsa mavoti. Palibe phungu amene analuza chisankho chifukwa chokuwa kuti ogwiririra akafere kundende. Kukuwako kumajambula chithunzi cha mdani wachilendo wobisala pathengo, pamene lipoti la nthambi ya zachilungamo ya boma la America la mu 2000 linapeza kuti ana 93 pa 100 alionse ogwiriridwa ankamudziwa wowachitira zoipayo, ndipo pafupifupi mmodzi pa atatu alionse anali wachibale. Bambo womupeza, amalume, mphunzitsi, mtsogoleri wa mpingo, bwana wolipira fizi. Ambiri mwa anthu amenewa sali m'kaundula aliyense chifukwa mlandu wawo sufika n'komwe kupolisi. Kuti ufike pamafunika wapolisi wodziwa kufunsa mwana osamuopseza, dokotala wopima msanga, malo osungirako mwana ngati munthu amene akumuneneza ndiye amadyetsa banja, komanso khoti losachedwetsa mlandu zaka ndi zaka. Zimenezi zimafuna ndalama chaka ndi chaka, ndipo sizikwanira pa chikwangwani cha kampeni.

Kukonza n'kotheka, ena anachita. Ku South Africa lamulo la 2007 linkati ana a zaka 12 mpaka 15 akachita zachikondi mogwirizana, ngakhale kupsompsonana, apalamula, ndipo namwino kapena kholo lodziwa liyenera kukanena kupolisi. Zotsatira zake ana anayamba kuopa chipatala ndi alangizi. Bungwe la Teddy Bear Clinic, limene ntchito yake ndi kusamalira ana ozunzidwa, ndilo linapita kukhoti, ndipo mu 2013 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linathetsa ndime zimenezo n'kulamula kuti mayina a ana otere achotsedwe m'kaundula. Lamulo lolanga munthu wamkulu wogona ndi mwana silinakhudzidwe. France nayo mu 2021 inakhazikitsa kuti wamkulu wogona ndi mwana wosakwana zaka 15 wagwiririra, popanda kufunsa ngati mwanayo anakana, koma inasiyanitsa nkhani ya achinyamata oyandikana msinkhu. Ku Illinois, mu 2017, anachotsa malire a nthawi yoimbira milandu yogwiririra ana, chifukwa anthu ambiri ochitiridwa zimenezi amalimba mtima kuulula atakula kale.

Choncho phungu akadzaima pamsonkhano n'kumalumbira kuti iye ndi ogwiririra samwerana madzi, musangomuombera m'manja. Mufunseni ngati m'dziko lanu muli mpata uliwonse wolola mwana wosakwana zaka 18 kukwatiwa, ndipo anavota bwanji pamene nkhaniyo inabwera m'Nyumba. Mufunseni ngati lamulo limasiyanitsa bambo wa zaka 40 ndi mnyamata wa zaka 17. Mufunseni kuti mu bajeti anaikamo zingati za apolisi ndi zipatala zothandiza ana ogwiriridwa. Ndipo mumufunsenso ngati anayamba watsegulapo pakamwa pamene woganiziridwayo anali wa chipani chake.