Chingwe, sitetimenti ndi fayilo yotayika: Malawi pakati pa Zambia, Tanzania ndi Mozambique

Ndende yaikulu ya Zomba inamangidwa mu 1935, ndipo m'menemo ndi momwe muli chipinda chonyongera anthu, chimene chinagwira ntchito komaliza mu 1992. Aliyense wokhala mumzinda uno anawaonapo amayi amene amatsika minibasi kuchokera ku Jali, ku Mayaka kapena ku Chingale, atasenza kadengu ka ufa, matemba a ku Chilwa ndi kasopo kodula pakati, n'kukaima pachipata kudikira kuti aitanidwe. Ukacheza nawo, ambiri sakana kuti mwana wawo analakwadi. Koma alipo ena amene amalumbira kuti tsiku la imfayo mwanayo anali kudimba kapena kumaliro m'mudzi wina, ndipo ngakhale kuti mtima wa mayi si umboni, mbiri ya makhothi athu ikusonyeza kuti ena mwa amayi oterewa amanena zoona.

Pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lothetsa chilango chonyonga ku Zambia mu Disembala 2022, ambiri kuno anati Malawi watsalira. Mozambique inathetsa chilangochi kalekale, m'malamulo ake aakulu a 1990, moti pa mayiko atatu otizungulira ndi Tanzania yokha imene idakali nacho pamodzi ndi ife. Kuyerekeza kotere n'koona, koma kumayang'ana kumathero a ulendo. Munthu wosalakwa amene wagamulidwa kukhala m'ndende ya Mukobeko ku Kabwe moyo wake wonse wapulumuka chingwe, koma akadali wosalakwa amene ali m'ndende. Cholakwikacho chimabadwira m'chitokosi cha polisi, m'maola oyambirira munthu atangogwidwa, ndipo tikafuna kuona amene ali patsogolo ndi amene ali pambuyo, tiyenera kuyang'ana kumeneko.

Ife a ku Zomba tinapatsidwa mwayi woona zimenezi pafupi. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti lamulo lokakamiza woweruza kupereka chilango chonyonga kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Zinatenga zaka zisanu ndi zitatu kuti chigamulocho chiwafikire eni ake, chifukwa ntchito yomvanso milandu ya akaidi amene anagamulidwa pansi pa lamulo lakalelo inayamba mu 2015, kubwalo lalikulu la kuno ku Zomba. Akaidi oposa 150 anaonekeranso pamaso pa oweruza, oposa 100 anatulutsidwa, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anapatsidwanso chilango chonyonga. Zimene zinatulukira pa nthawiyo n'zochititsa manyazi. Ena anali ana osakwana zaka 18 pamene mlandu unkachitika, ena anali odwala misala, ena anakumana ndi loya wawo koyamba m'mawa wa tsiku lozenga mlandu, ndipo ambiri mafayilo awo anali atasowa, mwina onse mwina masamba ena, kotero kuti apilo inali yosatheka. Akuluakulu amati mlandu suola, koma fayilo imaola, imadyedwa ndi chiswe, imatayika posamutsa maofesi.

Pakati pa otulutsidwawo panali amuna awiri a banja limodzi amene anagwidwa mu 1993 pamodzi ndi m'bale wawo wachitatu, ndipo onse ankakana mlanduwo kuyambira pachiyambi. Wachitatuyo anafera m'ndende, awiriwo anatuluka mu 2015 atakhalamo zaka zoposa 20. Apa m'pamene pali malire a ntchito yabwino ija: oweruza anapatsidwa mphamvu yosintha chilango, osati yofufuta mlandu. Munthu amatuluka pachipata cha ndende akadali wakupha m'mabuku a boma, ndipo amene mlandu sunamuchoke alibe poyambira kupempha chipepeso.

Chimene ine ndimaona kuti ndi bala lalikulu m'malamulo athu ndi gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu ya upandu ndi umboni. Gawoli limalola kuti sitetimenti imene woganiziridwa akuti anavomera mlandu kupolisi ilandiridwe m'khothi ngakhale mwiniyo akunena kuti anaipereka atamenyedwa kapena ataopsezedwa. Chimene khothi limafunika kukhutira nacho n'chakuti mawuwo ananenadi ndi iyeyo, ndiponso kuti zimene zili m'menemo n'zoona. Komabe malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 42, amanena momveka kuti munthu womangidwa asakakamizidwe kuvomera mlandu. Dzanja lamanja likuletsa, lamanzere likulandira.

Ku Zambia zinthu sizili choncho. Woimbidwa mlandu akangonena kuti sitetimentiyo anaipereka mokakamizidwa, woweruza amaimitsa kaye mlandu waukuluwo n'kuzenga kamlandu kena mkati mwake, ndipo udindo wotsimikizira kuti munthuyo analankhula mwa kufuna kwake umakhala wa boma. Boma likalephera, pepalalo limatayidwa kunja ndipo siliwerengedwanso. Tanzania ili ndi njira yomweyi, koma inawonjezerapo china chimene ine ndimachisirira: lamulo lawo limati woganiziridwa afunsidwe mafunso ndi kulembedwa sitetimenti pasanathe maola anayi chimugwirireni, pokhapokha ngati nthawiyo yawonjezeredwa motsata lamulo, ndipo bwalo lawo la apilo lakhala likutaya masitetimenti amene analembedwa mochedwa. Maola anayi angaoneke ngati nkhani yaing'ono ya wotchi, koma aliyense wodziwa chitokosi akudziwa kusiyana kwa munthu wofunsidwa masana a tsiku loyamba ndi munthu wofunsidwa usiku wa tsiku lachitatu, asanadye, asanagone, achibale ake asakudziwa komwe ali.

Sindikunena kuti apolisi a ku Lusaka kapena a ku Dar es Salaam samenya anthu. Madandaulo a nkhanza za apolisi amamveka m'mayiko onsewa. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa anzathuwo wapolisi womenya amadziwa kuti akhoza kuwononga mlandu wake womwe, pamene kwathu kuno lamulo silimulanda chilichonse. Imfa ya Buleya Lule, amene anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Febuluwale 2019 akuganiziridwa pa mlandu wakuba mnyamata wachialubino ku Dedza, inatsegula maso a ambiri, chifukwa bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti anazunzidwa. Iyeyo anamwalira, nkhani yake inadziwika. Amene amapirira nkhanzazo n'kudinda chala papepala ndi amene timawapeza kuno ku Zomba patapita zaka.

Ndinaonapo ndekha pepala lotere. M'bale wanga wina, mlimi amene sukulu analekezera Sitandade 3, anagwidwa pa nkhani ya munthu amene anapezeka atafa m'mbali mwa msewu. Sitetimenti yake inali ya masamba awiri, yolembedwa m'Chingerezi chosalala, yokhala ndi nthawi yeniyeni ya ola ndi mphindi imene akuti anachoka pamowa, chonsecho munthuyo sanavalepo wotchi chibadwire. Pansi pake panali chidindo cha chala chachikulu, inki itafalikira mpaka m'mphepete. Nditamufunsa ngati anamuwerengera m'Chichewa asanadinde, anangondiyang'ana. Anachita mwayi kuti mboni za boma sizinabwere ndipo mlanduwo unathera m'malere, koma panali patapita nthawi yaitali ali pa limandi, munda wake utasanduka tchire.

Pa nkhani ya belo, Malawi ndiye ali patsogolo, ndipo apa tiyenera kudzipatsa ulemu wathu. Ku Zambia ndi ku Tanzania lamulo limaletsa kupereka belo kwa woganiziridwa mlandu wakupha, moti munthu amakhala m'ndende mpaka mlandu wake utazengedwa. Kwathu bwalo lalikulu likhoza kupereka belo ngakhale pa mlandu wakupha, ndipo kuyambira 2010 lamulo linaika malire a masiku 90 oti munthu wotere asungidwe mlandu wake usanayambe. Vuto n'lakuti ufuluwu sudzibweretsa wokha, umafuna wina woti alembe pempho n'kukalipereka kukhothi, ndipo maloya a Legal Aid Bureau, imene inayamba ntchito mu 2015, ndi ochepa poyerekeza ndi milandu imene ili pamapewa awo. Chimene chathandiza kwambiri ndi ntchito ya othandizira za malamulo a bungwe la PASI, imene inayamba m'chaka cha 2000, olowa m'ndende kukaphunzitsa akaidi ufulu wawo ndi kuitanitsa makhothi kuti akazengere milandu mkati momwemo. Njira imeneyi mayiko ena a mu Africa anadzaitengera kuno.

Mozambique, imene ili kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, inatengera malamulo ake kwa Apwitikizi, ndipo malamulo ake aakulu amaletsa chingwe komanso chilango chokhala m'ndende moyo wonse. Choncho wogamulidwa molakwika kumeneko ali ndi tsiku lodziwika lotulukira. Koma dziko lomwelo ndi limene anthu oposa 80 anafa chifukwa chosowa mpweya m'chitokosi cha polisi ku Montepuez mu Novembala 2000, patapita zaka khumi chithetsereni chilango chonyonga.

Funso lotsala ndi lakuti cholakwika chikachitika, khomo lobwerera lili kuti. Mu Novembala 2019 khothi la ufulu wa anthu la mu Africa, limene lili ku Arusha m'dziko la Tanzania momwemo, linagamula pa mlandu wa Ally Rajabu kuti chilango chonyonga chokakamiza cha dzikolo chikuphwanya ufulu wa anthu. Nthawi yomweyo boma la Tanzania linachotsa chilolezo choti nzika zake zizikasuma zokha kukhothilo, pamene Malawi adakasungabe chilolezo chimenechi. Koma nafenso tili ndi mbiri yotsegula khomo n'kulitsekanso. Mu Epulo 2021, pa mlandu wa Khoviwa, bwalo la apilo la Supreme linamveka kuti lathetsa chilango chonyonga, kenaka mu Ogasiti chaka chomwecho linatulutsa chigamulo china chonena kuti oweruza ambiri sanagamule zimenezo. Anzathu a ku Tanzania anadutsamo kale momwemo, pamene bwalo lawo lalikulu linathetsa chilangochi pa mlandu wa Mbushuu mu 1994, bwalo la apilo n'kuchibwezeretsa mu 1995.

Chimene maboma onsewa amathamangira ndi chikhululukiro cha mtsogoleri wa dziko. Edgar Lungu anasintha zilango zonyonga za akaidi 332 mu 2015, John Magufuli za akaidi 256 mu 2020, ndipo Lazarus Chakwera za akaidi 22 mu 2022. Chikhululukiro chimapulumutsa moyo, koma chimaperekedwa kwa munthu amene boma likumuyesabe wolakwa, ndipo sichitumiza wina aliyense kukafufuzanso ngati mboni ija inanama kapena ngati thupi la womwalirayo linapimidwadi ndi dokotala. M'ndende yomwe ino ya Zomba ndi momwe munafera Orton Chirwa mu 1992, amene anagamulidwa kuti anyongedwe mu 1983 pa mlandu woukira boma, m'khothi la mafumu limene silinkalola maloya, ndipo chilango chake chinasinthidwanso kukhala cha moyo wonse. Makhothi a mafumu ozenga milandu yakupha anatha pamene dziko linalowa m'ndale za zipani zambiri. Gawo 176 linatsalabe m'buku la malamulo, ndipo likugwirabe ntchito mpaka lero.