Ndalama zachitukuko zofika mvula itagwa n'zantchito yanji?

M'mawa uno pa wailesi mkulu wina amadziguguda pachifuwa kuti boma lipitiriza kupereka ndalama zachitukuko m'makhonsolo, ndipo akuti zawonjezedwa. Womufunsayo anangoti zikomo bwana. Sanamufunse n'komwe kuti ndalamazo zifika mwezi uti. Zandinyansa kwabasi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ndalama yolembedwa mu bajeti si ndalama. Ndalama ndi imene yalowa mu akaunti ya khonsolo nthawi yomangira isanathe.

Chiyambireni 2022, chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Nyengo yomanga kwathu kuno ndi Meyi mpaka Okutobala, basi, miyezi isanu ndi umodzi. Ikafika Novembala mitambo yayamba, Disembala misewu yafumbi yaterera, lole ya mchenga siingafike kumene ntchito ili. Tsono ndalama zikabwera mu Okutobala kapena Januwale, mukufuna khonsolo itani nazo?

Komanso ndalama ikalowa lero sikuti mawa anthu ayamba kukumba maziko. Anthu a kumudzi anatchula kale zofuna zawo ku komiti yachitukuko ya m'mudzi (VDC), zinadutsa ku komiti yachitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC), zinalowa mu dongosolo lachitukuko la khonsolo, makhansala anavomereza. Zikatero injiniya awerengere zipangizo, alengeze tenda, makontilakitala apikisane, komiti yogula zinthu ikhale pansi, wopambana asayine. Zimenezi zokha zimadya miyezi ingapo ngakhale palibe wochita ulesi. Ndiye werengani nokha: ndalama ya mu Okutobala, kontilakitala akufika pamalo mu Januwale, mvula ili pakati. Akakumba maziko madzi amadzaza usiku womwewo, m'mbali n'kugumuka. Simenti ikakhala m'nyumba yachinyezi imachita miyala m'thumba momwemo. Konkireti imafuna masiku 28 kuti ilimbe mokwanira, koma poti aliyense akuthamangira 31 Malichi, amaikapo mabuloko isanakhwime. Pakatha chaka khoma lang'ambika, anthu n'kumati kontilakitala ndi wakuba. Ena ndi akubadi, sindikuwaikira kumbuyo. Koma ngakhale mmisiri wokhulupirika sangapikisane ndi mvula ya mu Febuluwale.

Choipa china n'chakuti ndalamazo zimabwera pang'onopang'ono. Gawo loyamba lafika, shedi ya mumsika yakwera mpaka pa mawindo. Kontilakitala wapereka satifiketi yoti alipidwe, akumuuza kuti dikirani, zochokera ku Capital Hill sizinafike. Amadikira mwezi, miyezi iwiri, aganyu akumulondola kunyumba, kenako amanyamula mawilibala ake n'kupita. Akamabwerera mitengo ya zinthu si ija anasayinira. Kumbukirani kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasayina ntchito kwacha isanagwe n'kulipidwa itagwa, malata ndi zitsulo akanagula ndi chiyani? N'chifukwa chake zipupa zopanda denga zili mbwee m'matauni ang'onoang'ono, udzu utamera mkati, mbuzi zikugonamo.

Ndipo tisamaone ngati ndi nyumba chabe. Shedi imeneyo ndi pamene mayi wa tomato akanathawira dzuwa kuti katundu wake asawole masana asanakwane. Nyumba yosungiramo mbewu ya kopaletivu ikapanda kutha pofika Meyi, alimi a soya ndi mtedza alibe pounjika zokolola zawo kuti adikire mtengo wabwino, amagulitsa kwa vendala wa sikelo yokhota pakhomo pomwepo. Kamlatho kakachedwa, mpunga umatsala tsidya lina. Chaka chonse cha malonda chapita chifukwa ndalama inachedwa ndi miyezi itatu. Wina n'kumaimirira pa wailesi kunena kuti tawonjezera. Mwawonjezera chiyani?

Adzakuuzani kuti misonkho sinatoleredwe mokwanira ndiponso ngongole za boma zikudya zambiri. Tamva, ndi nyimbo ya chaka chilichonse.

Ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo ya 1998 inanena kuti 5 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera izipita ku makhonsolo kukachita chitukuko. Papita zaka zoposa 25, makhonsolo a dziko lino akupemphabe ngati ana amasiye. CDF, ndalama zachitukuko za m'madera a aphungu, inayamba mu 2006, mu 2024 inachoka pa K100 miliyoni kufika pa K200 miliyoni pa dera la phungu aliyense, manja anawombedwa m'nyumba ya malamulo. Koma nambala ikakula tsiku lofika lisakudziwika, chimene chakula ndi chiwerengero cha zipupa zosatha. Masomphenya a Malawi 2063 akutchula Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima, Mangochi, Liwonde, Luchenza ndi Bangula kuti adzakhale mizinda ikuluikulu yamalonda. Mzinda sungamangidwe ndi ndalama imene mwini wake sakudziwa ngati ibwera mwezi uno kapena chaka chamawa.

Chofunika si chovuta ayi. Ngati mukupitiriza thandizoli, lengezani la zaka zitatu nthawi imodzi, kuti khonsolo ilengeze matenda mu Januwale ndi Febuluwale mvula ikugwa, kontilakitala n'kukhala atasayina pofika Epulo. Gawo lalikulu la ndalama zomangira lituluke mu Epulo ndi Meyi, lotsala lisapitirire Ogasiti. Masiku amene ndalama yatuluka ndi kuchuluka kwake azimatidwa pa bolodi la kwa DC, aliyense aziwerenga, kuti tidziwe wochedwetsa ndani, Lilongwe kapena khonsolo. Ndipo ntchito yatsopano isayambe yakale isanafoleredwe. Bola K50 miliyoni yofika mu Meyi kusiyana ndi K200 miliyoni yofika mu Febuluwale. Ndikubwereza: bola yochepa yofika nthawi yake.

Mu pulojekiti ya GESD yothandiza makhonsolo pa chitukuko, ya ndalama za World Bank, makhonsolo akhala akuyesedwa chaka ndi chaka, wochita bwino n'kulandira zambiri, wolephera n'kumanidwa. Zabwino zimenezo. Nanga wotumiza ndalama mochedwa amamuyesa ndani? Khonsolo imadzudzulidwa m'nyuzipepala kuti yalephera kumaliza ntchito, koma amene anagwira ndalamayo miyezi inayi dzina lake silimveka.

Ndipo inu a m'makhonsolo musasekerere ngati ndikukuyamikirani. Tikiti ya mumsika mumatolera tsiku lililonse osaphonya, mvula kaya dzuwa, wogulitsa masamba asanagulitse ndi mpukutu umodzi womwe mwafika kale. Chimbudzi cha mumsika momwemo chinadzaza kalekale, mpopi unauma, zinyalala zafika m'chiuno. Imeneyonso mukudikira Capital Hill? Koma ikakhala semina ya kunyanja yokakambirana za chimbudzi chomwecho, mafuta a galimoto ndi alawansi zimapezeka tsiku lomwelo.