Gorongosa si malo "osakhudzidwa ndi munthu", musatinamize

Kampani ina yokopa alendo yaika chithunzi cha mkango pa Facebook n'kulemba kuti Gorongosa, paki ya nyama ya ku Mozambique, ndi malo amene dzanja la munthu silinawakhudzepo. Zandinyansa kwambiri. Silinawakhudzepo bwanji? Malo amene anali phata la nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique kuyambira 1977 mpaka 1992?

Likulu la Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma la Frelimo, lotchedwa Casa Banana, linali m'dera lomweli, ndipo asilikali a Frelimo pamodzi ndi a Zimbabwe analilanda mu Ogasiti 1985. Kampu ya Chitengo, pamene alendo amagona lero, inaukiridwa mu Disembala 1981, ndipo pofika 1983 paki inali itatsekedwa. Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, anamwalirira m'mapiri omwewa pa 3 Meyi 2018. Pa 1 Ogasiti 2019 Filipe Nyusi, pulezidenti wa Mozambique pa nthawiyo, ndi Ossufo Momade, amene analowa m'malo mwa Dhlakama, anasainira pa Chitengo pomwepo pangano losiya kumenyana. Ndiye wina abwere ndi kuti kunoko sikunachitike kanthu? Ayi, ulemu pang'ono. Anthu anafera pamenepa. Ena mwa anthu pafupifupi miliyoni amene anathawira kuno ku Malawi akadali moyo, ndipo Facebook amaiwerenga.

Mwina amabisa poopa kuti alendo achita mantha, kaya. Koma kutsutsa galu n'kukumba: pitani mukaone njovu zake. Zazikazi zambiri zilibe minyanga, chifukwa zaminyanga zinkaphedwa kuti minyangayo igule zida, ndipo zimene zinapulumuka zinapatsira ana awo chibadwa chimenechi. Njovu zinali pafupifupi 2,500, zinatsala pafupifupi 200. Njati zinali 14,000, zinatsala zosakwana 100. Mimbulu mukuijambulayo anthu anachita kubwera nayo mu 2018. Nyama za ku Gorongosa zinatsala pang'ono kutha, anthu ndiwo azibwezeretsa, makamaka kuchokera mu 2008 pamene boma linagwirizana ndi bungwe la Greg Carr, mpondamatiki wa ku America. Kubisa nkhondo n'kubisanso thukuta la anthu amenewa. Mlendo amene sanauzidwe zimenezi waona nyama, Gorongosa sanamuone.

Zoona zilipo zambiri, ndipo sizifuna bodza kuti zikome. Pali nyanja ya Urema ndi mbalame zake, pali Casa dos Leões, bwinja la nyumba imene mikango inalanda kalekale, pali chipatala cha ngaka pa Chitengo. Ku phiri la Gorongosa, lotalika mamita 1,863, kuli mathithi a Murombodzi ndi minda ya khofi imene alimi amadzala pansi pa mitengo yachilengedwe kuti nkhalango ibwerere. Zonsezi zili pa nthaka yomwe ija panali misasa ya asilikali. Muwauze alendo zimenezo.

China chondipsetsa mtima, kampani yomweyi ikugulitsa ulendo wa mu Januwale. Nthawi imeneyo chigwa chonse chimasefukira, misewu ya m'kati siyendeka ndipo maulendo oona nyama amaima. Nthawi yake ndi yachilimwe, makamaka Juni mpaka Okutobala. Sakunenanso kuti wochokera ku Mwanza adutsa Zobue, Tete ndi Chimoio asanafike pa Inchope, kenako atsala ndi makilomita pafupifupi 70, chigawo chomaliza chili chafumbi. Za maenje a mumsewu wa EN1, za mankhwala a malungo, ali chete. Angofuna dipoziti basi.