Banja likatha, thukuta la mayi lisathere pakhonde la ankhoswe

Kuno ku Kasungu amayi ambiri amachoka pabanja chimanjamanja, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti nkhani imathera pakhonde la ankhoswe, osafika kukhoti. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Taonani ntchito ya mayi wolima fodya kwa Santhe kapena kwa Wimbe. Kuthirira nazale m'bandakucha ndi iye. Kuwokera ndi iye, kusoka mpaka zala kuda bii ndi iye, kusankha m'chigafa mwana ali kumsana, uku nsima ya aganyu ili pamoto. Koma mabelo akapita kumsika wa fodya ku Chinkhoma, dzina lolembedwa ndi la bambo, ndalama zimalowa mu akaunti ya bambo. Malata, ngolo, ng'ombe ndi njinga yamoto zonse zimatchedwa za bambo. Tsiku losudzulana mayi amangopatsidwa mapoto ndi ana, n'kuuzidwa kuti muyende bwino.

Amayi anga, lamulo silitero. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko lino limati banja likatha, mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri. Lamulo la maukwati la 2015 linawonjezera kuti pogawa katundu khoti liziwerengeranso ntchito zapakhomo, osati ndalama zokha. Kuphika ndi kulera ana n'kusonkha ndithu. Ngakhale amene sanachite chinkhoswe, ngati akhala limodzi zaka zosachepera 5, khoti lingathe kuwatenga ngati banja.

Ankhoswe sindikuwanyoza ayi. Ndiwo amayamba kumva madandaulo, ndipo mabanja ambiri aima chifukwa cha iwo. Kungoti mawu awo alibe mphamvu yokakamiza munthu. Malume akanena kuti uzitumiza ndalama ya sukulu, bambo amavomera tsiku limenelo, miyezi iwiri kenako foni yasiya kupezeka. Chigamulo cha majisitireti ndi chosiyana: wochinyozera amaitanidwanso kukayankha. Ukwati wachikhalidwe umathetsedwa kukhoti la majisitireti, pomwepa paboma, sikuti mpaka ku Lilongwe. Ndipo paukwati wachikamwini, udindo wa mwamuna womangira mkazi nyumba kwawo makhoti amaudziwa bwino.

Abambo, nanunso khoti lomweli limakutetezani. Alipo akamwini amene anamanga nyumba yanjerwa kuchikamwini n'kuthamangitsidwa ndi chikwama chokha. Koma za ana musazembe. Lamulo losamalira ana la 2010 limaika udindo pa makolo onse awiri, kaya walakwa ndani, kaya mwakwatira kwina.

Chimene ambiri amaiwala ndi ngongole. Ya feteleza, ya kubanki mkhonde, ya katapila, zonsezi zitchulidwe poyera pogawana. Mayi amene anakongola m'dzina lake kuti munda wabanja upeze feteleza asasiyidwe yekha gulu likamabwera kudzalanda ziwiya.

Ngati mukuona kuti banja lapendekeka, yambani kusunga malisiti, mapepala a kuokushoni ndi kalata yogulira puloti, kapena ajambuleni pafoni. Kumbukirani mmisiri amene anakhoma malata ndi amene anakugulitsani ng'ombe, chifukwa ndiwo mboni zanu. Ngati ndalama ya loya palibe, a Legal Aid Bureau alipo kuti athandize osauka. Ngati pali kumenyedwa, musadikire ankhoswe, pitani ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza kupolisi, tsiku lomwelo.