Ma Linux awiri pa kompyuta imodzi: /home musaiphatikize

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti ena anditsutsa: ngati mwaika ma Linux awiri pa kompyuta imodzi, musawapatse /home imodzi, foda ija momwe mumakhala mafayilo a wogwiritsa ntchito kompyuta.

Ineyo ndinachitapo, ndikudziona ngati wochenjera. Pa laputopu yanga panali Debian 12 ndi Fedora 39, onse akugwiritsa ntchito /home yomweyo. Masiku oyamba zinthu zinali myaa. Kenako ndinaika ma extension (timapulogalamu toonjezera) a GNOME, desktop yomwe ndimagwiritsa ntchito, ndili ku Fedora, mawa lake nditayatsa Debian ndinapeza onse ali zii, palibe ndi imodzi yomwe yogwira ntchito. Debian 12 ali ndi GNOME 43, Fedora 39 ali ndi GNOME 45, ndipo pa 45 pomwepo ndi pamene anasintha kalembedwe ka ma extension. Ndikaika oyenera mbali ino, mbali inayo afa. Sabata yathunthu ndikungozungulira pamodzimodzi.

Anthu amaiwala kuti mu /home simukhala zithunzi ndi nyimbo zokha. Muli mafoda obisika aja oyamba ndi kadontho, .config ndi .local, momwe pulogalamu iliyonse imasunga zosankha zake. Pulogalamu yatsopano ikalembamo m'njira yake, yakale ija imabwera n'kupeza zosazidziwa. Zili ngati azimayi awiri kuphikira m'khitchini imodzi, wina aliyense akusamutsa mchere pomwe mnzake anauika.

Chomwe ndimachita pano n'chophweka. Linux aliyense ali ndi /home yake mkati mwa partition (chigawo cha disk) yake. Ndiye pali partition yachitatu yaikulu, yofomatidwa mu ext4 (njira ya Linux yosungira mafayilo), ya mafayilo okhaokha. Ndinailemba mu /etc/fstab (fayilo youza Linux ma partition oti atsegule poyaka) mbali zonse ziwiri pogwiritsa ntchito UUID, nambala yozindikiritsa partition yomwe lamulo la blkid limaonetsa, osati dzina ngati /dev/sda3 lomwe limatha kusintha. Kenako ndinapanga ma link ndi lamulo la ln -s, kuti Documents, Downloads ndi Pictures zizilozera komweko. Kanema yemwe ndatsitsa ndi bandulo yanga yovutikira ndimamupeza kulikonse komwe ndayatsa. Ingoonetsetsani kuti UID yanu, nambala yomwe Linux amakudziwirani, ndi imodzi mbali zonse ziwiri. Debian ndi Fedora onse amapatsa munthu woyamba 1000, koma ngati kwina munapangidwa wachiwiri ndinu 1001, ndipo mafayilo anu omwe adzakukanani.

Partition ya EFI, yomwe kompyuta imayakirapo, gawanani, palibe vuto, bola musaifomate poika Linux wachiwiri.

Swap, malo a pa disk othandizira RAM, ndiye ija yofuna maso. Kugawana kumatheka ngati simuchita hibernate, kuzimitsa kompyuta itasunga mu swap zonse zomwe zinali zotsegula. Mukachita hibernate kuno, n'kuyatsa winayo, zonse zomwe zinasungidwa mu swap zapita. Choopsa kwambiri n'choti partition ya mafayilo ija inatsala yotsegula. Mukalembamo muli mbali inayo kenako woyamba uja n'kudzuka zosungidwa zake zitapulumuka, mutha kuononga mafayilo enieni. Komanso installer ikafomata swap, UUID imasintha, ndiye Linux wakale poyaka amaima mphindi imodzi ndi theka kudikira swap yomwe kulibenso, mpaka mutakonza fstab.

Ena amati ingosiyanitsani mayina a user pa /home imodziyo. Zimatheka ndithu, koma pamenepo mwangogawana malo a pa disk, mafayilo aja mudzafunikabe kuwalumikiza. Ine ndinasankha partition yachitatu, ndipo chichitireni zimenezo ndafufuta ndi kuikanso Fedora kawiri osakhudza chithunzi n'chimodzi chomwe.